Mwana Wanga Anagonekedwa Kawiri

Ntchito yanga ndi yogula mbuzi. Ndimazungulira midzi ya ku Magodi pa njinga, nthawi zina mpaka ku Kapichila, ndikapeza ziwiri kapena zitatu ndimazimanga pa kaliyala n'kukazigulitsa kwa a mabutchala pa boma, ku Lundazi. Amene sanagulepo mbuzi amaganiza kuti mpamba wa ntchitoyi uli m'thumba. Uli pakamwa. Ukafika pakhomo pa munthu suyamikira chiweto chake. Umachiyang'ana ngati chakukhumudwitsa, n'kuchiyasamitsa, kuchitsina pamsana, kuchikweza mchira, ndipo usanamve mtengo umayamba watchula chilema. "Koma adada, iyi ikutsokomola." Mbuzi isanatsokomole n'komwe. Ndinatchulapo chifuwa pa tonde wonenepa kuposa onse m'dera lathu, mpaka mwini wake anandipepesa. Luso limeneli ndinkalinyadira, ndipo kunena zoona mpaka lero ndimalinyadirabe pang'ono.

Mwana wathu woyamba, wamkazi, ali ndi miyezi isanu ndi inayi, amake anaona kanthu kotupa m'munsi mwa mimba yake, kumanja, pamene mwendo umayambira. Akalira kankatuluka ngati dzira la njiwa, akagona kankabwerera. Ku chipatala cha pa boma anatiuza kuti pali kabowo kamene kanayenera kutsekeka mwana asanabadwe koma sikanatsekeke, ndiye thumbo limasuzumira pamenepo. Tsiku lina likhoza kulowa osabwereranso, n'kupanika. Anatilembera kalata yoti tipite ku Chipata akamuchite opaleshoni.

M'minibasi tinakhala moyandikana ndi mayi wina amene ananyamula thumba la nyemba pamiyendo. Msewu wa ku Chipata ndi wautali, sungafike nkhani yako isanatuluke. Atamva kumene tikupita anapukusa mutu.

"Mpeni si vuto," anatero. "Vuto ni mankhwala ogoneka aja. Bongo wa mwana ukali ngati phala, sunalimbe. Kwathu kuli wina anamugoneka ali khanda, lelo ni munthu wamkulu koma ukamutuma mchele abwela na machisa."

Amake mwana anatembenukira kuwindo. Ine ndinaseka, ndinati kwathu aliyense wotumidwa mchere amabwera ndi machisa ndipo palibe anagonekedwapo. Anthu m'galimoto anaseka nane. Koma mawu a mayi uja ndinatsika nawo ku Chipata pamodzi ndi chikwama.

Kutatsala tsiku limodzi kuti opaleshoni ichitike, masana, kuwodi kunabwera mayi wamfupi wa magalasi, wa imvi pang'ono. Anati si iye wong'amba, ntchito yake ndi yogoneka odwala. Anamuika mwanayo pa sikelo, anamumvetsera pachifuwa, anamuyasamitsa n'kuyang'ana kukhosi. Ndinaona kuti amafufuza monga momwe ndimafufuzira ine, kusiyana kwake iye sanatchule chilema chilichonse. Anauza amake ola loti aleke kuyamwitsa m'mawa mwake, n'kufunsa ngati tili ndi funso.

Ndinakhosomola, ndinaika manja kumbuyo monga ndimachitira pakhola.

"Mankhwalawo mumuika ochuluka bwanji, adokotala?"

"Oyenela thupi lake."

"Chepetsankoni pang'ono. Theka chabe. Mwana wanga uyu ndi wa tulo kale, sadzakuvutani."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mugulitsa chani abambo?"

"Mbuzi."

"Naona." Sanaseke, koma nesi amene anali kumbuyo kwake anabisa nkhope m'faelo. "Nikachepetsa azamva mpeni. Nikaonjeza azaiwala kupuma. Pakati apo pali kanjila kopapatiza ngati ka mbewa, ndiye m'mene niyenda ine tsiku lonse. Funsani chimene chikuvutani zoona."

Ndinamuuza za mayi wa nyemba uja. Ndinayembekeza kuti akalipa, koma anakhala pansi pa mphepete mwa bedi.

"Sinizakunamizani. Kamodzi, kwa kanthawi kochepa ngati aka, sitiona kuti mwana aonongeka mutu. Akagonekedwa mobwelezabweleza, kwa maola ataliatali, apo ophunzila akali kukangana. Ena akuti ana ena amavutikako kukhazikika kapena kuwelenga. Ena akuti ni matenda amene anawabweletsa kuno, osati mankhwala. Koma thumbo likapanika palibe wokangana. Mwana amafa."

"Ndiye mawu omaliza ndi ati?"

"Ni yamene ayo."

Ndinazolowera kuti kuseri kwa mawu omaliza kumakhala ena omaliza kwenikweni, ndipo ukayamba kuchoka mwini katundu amakuitana. Koma amene anachoka ndi iyeyo, ndipo sanatembenuke.

M'mawa amake mwana anakana kulowa nawo, choncho manesi anandiveka ine chovala chobiriwira ndi kachipewa, kuti ndimunyamule mpaka atagona. Chipindacho chinali chozizira ndi chowala kwambiri, chopanda mthunzi paliponse. Mayi wa magalasi anatenga kachophimba kamphira, kakang'ono ngati chivindikiro cha kapu, n'kukaika pamphuno ndi pakamwa pa mwanayo. Mwana anamenya nkhondo. Anapalasa miyendo, anandigwira kolala ndi dzanja lake lonse, kulira kwake kukumveka ngati kochokera m'chitini. Mayiyo ankang'ung'udza kanyimbo ka kutchalitchi, maso ali pa makina. Ndiye dzanja lija linayamba kumasuka, chala chimodzi chimodzi. Kulira kunaduka pakati. Maso sanatseke onse, anangotembenuka pang'ono n'kuleka kuona.

Ndanyamula mbuzi zamoyo ndi zakufa zaka zambiri, ndipo manja anga amadziwa kusiyana kwa kulemera kwake. Mwana wanga analemera ngati wakufa. Koma anali wofunda, kachifuwa kankakwera ndi kutsika, ndipo makina ankalira mofanana ndi mtima wake, tii, tii, tii. Nesi anamulasa singano kuseri kwa dzanja. Uyu ndi mwana amene pa jakisoni wa kusikelo ankamveka mpaka kumsewu. Sanagwedeze ngakhale chikope.

"Ali kuti?" Mawuwa anatuluka okha pakamwa panga.

"Thupi lili pano," anatero mayiyo, osachotsa maso pa makina. "Kumene ali mwini wake na ine sinidziwa. Nchito yanga ni kusunga nyumba mpaka abwele. Tulukani manje abambo."

Ndinakhala pa benchi panja pafupifupi ola limodzi. Panadutsa mayi wogulitsa nthochi, ananena mtengo, ine n'kupereka womwewo osatsutsa. Amake mwana anandiyang'ana ngati ndadwala inenso. Nthochizo sitinazidye. Ndinkangoganiza kuti munthu, munthu wathunthu wodziwa fungo la amake ndi kulira kwa belu la njinga yanga, akhoza kuzimitsidwa ndi mpweya wa m'botolo, ndipo pali wina wamfupi wa magalasi amene amadziwa pomuzimitsira ndi pomuyatsira, koma osadziwa kumene amapita.

Anatiitana akudzuka. Sanabwere nthawi imodzi. Poyamba inabwera mphumi, inachita makwinya. Kenako lilime linanyambita mlomo. Phazi limodzi linakankha nsalu. Kulira kunabwera kosasa mawu, ngati kwa munthu amene wayenda ulendo wafumbi. Maso anatseguka n'kuyamba kuyendayenda, anadutsa pa nesi, pakhoma, pa ine bambo ake osaima n'komwe, mpaka anafika pa amake. Pamenepo anaima. Dzanja lokulungidwa bandeji lija linanyamuka n'kulowa m'bulauzi. Kumene anapitako kunalibe njira, kunalibe womulozera, koma anabwerera n'kupeza khomo lake lomwelo. Ndinatuluka panja kukapukuta m'maso, ndinauza mlonda kuti ndi fumbi la ku Chipata.

Nkhaniyi ikanathera pamenepo ndikanakhala munthu wanzeru. Koma atakwanitsa zaka ziwiri kotupa kaja kanatulukanso, ulendo uno kumanzere, ndipo anamugonekanso. Anadzuka bwinobwino monga poyamba. Wogoneka wa ulendo wachiwiriwu, bambo wamtali, anandiuza kuti maulendo onse awiri anali aafupi, ndisade nkhawa. Ndinavomera ndi mutu. M'kati ndinkawerenga: kamodzi n'kamodzi, koma kawiri si kubwereza kodi? Mayi wa magalasi anati mobwerezabwereza, sananene kuti kubwereza kumayambira pati.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kumuyang'ana mwana wanga ndi maso a pakhola. Ndinkawomba m'manja kumbuyo kwake kuti ndione ngati atembenuka msanga. Ndinkabisa kachitsekero ka botolo pansi pa kapu imodzi mwa atatu n'kuwasuntha. Akapeza ndinkati wachita mwayi, akalephera ndinkati ndi zomwe zija. Ndipo munthu wofuna chilema sachisowa, ndikudziwa bwino. Anachedwa kulankhula. Anzake obadwa naye mwezi umodzi akutukwana kale nkhuku, iye anali ndi mawu osakwana zala za manja awiri. Sankakhala pansi. Kutchalitchi ankakwawa pansi pa mabenchi mpaka kwa azibambo. Ukamuuza zinthu ziwiri ankachita yoyamba, yachiwiri n'kuisiya panjira chifukwa waona nyerere zanyamula chiwala.

Tsono ndinachita chimene pakamwa panga panazolowera. Wina asanatchule chilema, ndinkachitchula ndine. Alendo akabwera mwanayo n'kusawapatsa moni, ndinkati, "Musamudabwe, uyu anagonekedwa kawiri." Akagwetsa mbale pa ukwati, mawu omwewo. Pa msika wa pa boma nkhaniyo inakula n'kukhala yanga yokometsera malonda. Ndinkaifotokoza kwa a mabutchala, chipinda chozizira, kachophimba kamphira, dzanja lomasuka chala chimodzi chimodzi, anthu n'kusiya mipeni kumvetsera. Ndinkamaliza ndi kuusa moyo, "Anabwera, koma sitidziwa ngati anabwera yense." Mawu amenewo ankagwira anthu, ndiye ndinkawabwereza. Nthawi zambiri mwiniwake anali pomwepo, atakhala pa kaliyala, akudya chitumbuwa.

Amake anandiletsa kangapo. "Awiske mwana, bambo ake inu, makutu ake sanawagoneke." Ndinkayankha kuti ndikumuteteza, anthu akadziwa samukalipira. Ndinkakhulupiriradi zimenezo.

Panali zinthu zina zimene ndinaziona ndi maso omwewa koma osazitenga kupita nazo kumsika. Tsiku limene analankhula chiganizo chake choyamba, ali ndi zaka zitatu ndi theka, anaima pakhomo mvula ikugwa n'kunena m'Chitumbuka chomveka bwino kuti madzi a padenga akuthamangitsana. Mawu onsewo anali kuti masiku onse aja? Anawasonkhanitsa liti, anawasunga pati? Tinayang'anana ndi amake ngati m'nyumba mwalowa mlendo. Ali ndi zaka zisanu ankaimba nyimbo za kwaya ndi mawu achiwiri, aja otsikirapo, popanda womuphunzitsa. Njira za ku Magodi, zimene zimasokoneza ngakhale akuluakulu chimanga chikakula, iye akadutsamo kamodzi ankandikoka malaya ndikakhota molakwika. Zonsezi zinkandizizwitsa, koma ndinkaziika pambali. Wogula mbuzi akaona ntchafu yonona sanena.

Anayamba sukulu. Giredi yoyamba anadutsa mokankhidwa. Kumapeto kwa yachiwiri aphunzitsi ake, mayi wodekha wa ku Kapichila, anatiitana n'kutiuza kuti mwanayo abwereze. Zilembo ankazidziwa chimodzi chimodzi, koma zikaima pamodzi sizinkamuuza kanthu. Manambala analibe nawo vuto. M'kalasi maso ake ankakhala pawindo. Ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze za ku Chipata, aphunzitsiwo anakweza dzanja.

"Nkhaniyo ndinaimva kale abambo. Anandiuza yekha sabata yoyamba. Ndikamupatsa buku amati, ine musandivutitse, mutu wanga anaugoneka kawiri."

Ndinaseka, chifukwa ndi zimene ndimachita ndikagwidwa. Panalibe wina anaseka.

Tsiku lotsegulira sukulu ndinamupeza m'mawa atakhala pa mtondo wogwetsedwa kuseri kwa khitchini. Yunifomu anaipinda bwinobwino n'kuiika pambali pake, nsapato pamwamba. Sankalira. Ankakanda pansi ndi kamtengo.

"Vala, tichedwa."

"Yayi adada."

"Bwanji?"

"Ndilibe mutu wa sukulu. Mukungotaya nthawi. Ndiziweta mbuzi."

"Wakuuza ndani zopusazo?"

Anakweza maso. "Munati sindinabwere yense."

Ndakanganapo mitengo ndi anthu ouma mtima, amasiye okwiya, akuluakulu a mpingo, ngakhale apongozi anga. Sindinasowepo chonena. Tsiku limenelo ndinayang'ana mwana wa zaka zisanu ndi zitatu, ndinatsegula pakamwa, munalibe kanthu. Ndinakankha njinga n'kupita. Sabata yonseyo sanapite kusukulu, ndipo amake sanandilankhule kupatula kundiuza kuti madzi osamba ali kubafa.

Loweruka ndinadutsira kwa mlongo wanga wamkulu, amene amakazinga zitumbuwa pafupi ndi siteshoni ya minibasi pa boma. Amandiposa zaka zisanu ndi ziwiri ndipo anandibereka kumsana, choncho ulemu umene amandipatsa ndi wochepa. Ndinakhala pa chigubu n'kumufotokozera, ndikuyembekeza kuti andimvera chisoni. Ndinayamba ndi kuchedwa kulankhula kuja. Anasiya chipande m'mafuta.

"Iwe unayamba kulankhula liti?"

"Ine? Monga ana onse."

"Zaka zinayi, mbuli iwe. Zinayi. Amama anakutengera kwa asing'anga awiri kuti akudule kalilime. Tinkakutcha kabubu. Tsiku limene unatsegula pakamwa mudzi wonse unasangalala, lero tonse tikunong'oneza bondo."

"Unama."

"Giredi yoyamba unakhalamo kangati? Aphunzitsi ankakumangirira chitenje pa desiki kuti usatuluke pawindo. Unkathawira kudibi kukaona ng'ombe zikusambira. Kuwerenga unadziwa ndevu zili pafupi. Tandiuza, anakugoneka ndani iwe?"

Amayi awiri amene ankadikira zitumbuwa anaseka mpaka mmodzi anagwira mzati. Za kudibi ndinkazikumbukira, koma m'mutu mwanga ndinazisunga ngati umboni wa kuchenjera. Za kalilime sindinkazidziwa. Koma mtima wa malonda unadzuka, ndinaona pothawira.

"Ndiye kuti si mankhwala. Ndi magazi chabe. Watengera ine."

"Sindinatero. Ine ndimakazinga zitumbuwa, za mankhwala ndizidziwira kuti? Kaya ndi magazi, kaya ndi mankhwala, kaya zonse. Iwe ukufuna wina akuuze chimodzi kuti ukagone bwino. Mwana sakufunsa zimenezo. Nyamuka pa chigubu changa, ukundithamangitsira makasitomala ndi nkhope imeneyo."

Ndinapalasa ulendo wobwerera pang'onopang'ono. Ndinkaganiza za mutu wangawu, umene unakhala zaka zinayi uli duu kenako n'kutseguka osatsekekanso, popanda wouthira mpweya uliwonse. Ndani anautsegula? Ndinkaganiza za wa mwana wanga, umene unazimitsidwa kawiri usanalimbe, n'kuyakanso, n'kupitiriza kudzimanga wokha mumdima wa m'chigaza, nyimbo apa, njira za m'munda apo, zilembo zikuchedwa kumbuyo. Palibe anauonapo, ngakhale amene anaugoneka. Ine wogula mbuzi ndinaugamula mtengo pa msika mwiniwake ali ndi chitumbuwa kukamwa.

Ndinamupeza mwanayo pakhonde akusenda nshawa, mtedza wa m'munda mwathu. Kwathu bambo sapepesa mwana, amangomugulira switi nkhani n'kutha. Switi ndinagula, koma ndinaona kuti sakwana. Ndinanjuta pansi kuti maso athu alingane, mawondo akulira.

"Amama," ndinamuitana motero chifukwa anatengera dzina la amayi anga, "zija ndinkanena kumsika zija. Sindikudziwa ngati n'zoona."

"Ndiye munkanama?"

"Kugonekedwa anakugoneka, kawiri. Zimenezo n'zoona, ndinalipo. Koma zoti sunabwere yense, palibe dokotala anandiuza. Ndinazipanga ndekha. Ndinali ndi mantha, ndiye pakamwa panayamba kugwira ntchito yake."

Anasenda nshawa ziwiri asanayankhe. Mwanayu anayenda nane m'makola ambiri, ntchito yanga ankaidziwa.

"Monga mumanenera kuti mbuzi ikutsokomola?"

"Monga choncho."

"Munkafuna kunditsitsa mtengo?"

Ndinayesa kuseka, sizinatheke. Ndinati ayi, sindikugulitsa, ndipo ngakhale ndikanafuna palibe ku Lundazi konse angakwanitse. Sanamwetulire. Anafunsa ngati mankhwala aja ndi amene amachititsa kuti zilembo zizimuthawa. Apa mpata wonama unalipo, waukulu, ndipo bodza lake likanakhala lokoma. Ndinati sindikudziwa, ndipo amene anaphunzira zimenezi nawonso sanagwirizane. Ndinamuuza kuti bambo ake, amene sanagonekedwepo, anakhala giredi yoyamba kawiri atamangidwa chitenje pa desiki. Apa ndiye anaseka, anafunsa mtundu wa chitenjecho, n'kuthamanga kukauza amake.

Lolemba anavala yunifomu, koma anaika mawu ake patsogolo. Nkhani ya ku Chipata ndi yake, ndisaifotokozenso kwa munthu pokhapokha atandilola. Ndipo kusukulu ndizimuperekeza pa njinga, chifukwa anzake akale apita giredi yachitatu ndipo safuna kuyenda nawo njira imodzi. Ndinayesa kunena kuti masiku atatu pa sabata, popeza m'mawa ndi nthawi yabwino yopeza eni mbuzi pakhomo. Anayamba kuvula nsapato. Ndinavomera asanu. Zimene mukuwerengazi ndinachita kupempha, ndipo anandiuza kuti ndisatchule dzina.

Aphunzitsi aja anamuika kutsogolo, kutali ndi windo. Ankamupatsa ntchito pang'onopang'ono, mizere iwiri, kenako azikafufuta bolodi kapena kutunga madzi, abwere achite ina iwiri. Anatiuza kuti kunyumba tizilemba naye pamchenga, zilembo zazikulu, azizitsata ndi chala uku akuziimba. Ndinkachita naye madzulo dzuwa lisanalowe, ine ndi kamtengo, nkhuku zikutifufutira. Miyezi inadutsa osaona kusintha. Masiku ena ankataya kamtengo n'kulira, masiku ena wotaya kamtengo ndinali ine. Mawu aja akuti anagonekedwa kawiri ankafika pa lilime, ndinkawameza. Kumeza mawu ndi ntchito yolemetsa kwa munthu ngati ine, ndinaonda.

Panjira ya kusukulu pali kasitolo kena, pakhoma pake analembapo ndi penti yofiira. Tinkadutsapo tsiku lililonse. M'mawa wina wa mwezi wozizira, chimanga chitakololedwa, tikudutsa pamenepo, anandimenya pamsana.

"Imani adada."

Ndinaima, phazi limodzi pansi. Ndinaganiza kuti wagwetsa nsapato. Nditatembenuka ndinaona maso ake ali pakhoma, mphumi itachita makwinya, milomo ikuyenda yopanda mawu. Chala chake chinkalemba pa ntchafu. Ndinadziwa chimene chikuchitika, ndipo ndinadziwanso zimene zinalembedwa pakhomapo, zinali pa nsonga ya lilime langa. Ndinaluma mlomo.

"Ti," anatero. Ngolo ya ng'ombe inatidutsa, woyendetsa anatipatsa moni, palibe anamuyankha. "Ti, gu. Tigu." Anabwerera poyambira. Mwini sitolo anatuluka ndi tsache, anatiyang'ana, ndinamukodola ndi dzanja kuti asalankhule. Mphepo inali yozizira koma ine thukuta linkatsika m'khwapa. Ndinkaona ndi maso anga chinthu chikulumikizana m'kati mwa kamutu kometedwa kaja, kuseri kwa fupa, kumene sindingafike ngakhale ndine bambo ake.

"Tigula." Anapuma. Liwu lachiwiri linamuvuta, zilembo zitatu zoyambirira zinaunjikana popanda popumira. Analiyesa kanayi. Kenako nkhope yake inamasuka yonse nthawi imodzi. "Nshawa. Tigula nshawa. Adada, akuti amagula nshawa apa."

"Akutero."

"Nanga bwanji amama amakagulitsa kutali?"

Mwini sitolo anati funso limenelo ndi lanzeru, akawafunse amake. Ndinangoima pamenepo ndi njinga pakati pa miyendo, ndikuyang'ana zilembo zofiira zokhotakhota zija ngati sindinazionepo. Panatsala mawu ena atatu pakhomapo. Anawayang'ana, anapukusa mutu.

"Enawo mawa," anatero. "Palasani, belu lilira."